Njira yophunzirira ntchito yothandiza odwala maganizo

Achinyamata ambiri amene amasankha saikoloji pofunsira malo ku yunivesite amaganiza kuti zaka zinayi zikangotha adzatsegula ofesi n'kuyamba kuona odwala. Sizili choncho. Dzina loti clinical psychologist limabwera munthu akachita masitazi, ndiponso akakhala nthawi yaitali akuona odwala pali katswiri womuyang'anira. Ndi bwino kuzidziwiratu izi mukadali Fomu 4 kusiyana n'kudzazimva mutavala kale mkanjo wa digiri.

Choyamba, siyanitsani ntchito zimene anthu amazisokoneza. Psychiatrist ndi dokotala. Amayamba waphunzira udokotala, monga ku KUHeS, kenako n'kuzama pa matenda a m'mutu, ndipo ndiye amalemba mankhwala. Clinical psychologist salemba mankhwala: amayeza vuto la munthu ndi mafunso okonzedwa mwaluso, kenako amamuthandiza pocheza naye motsata ndondomeko. Palinso anamwino ndi makiliniko ofisa a matenda a maganizo, omwe ndiwo asenza mtolo waukulu m'zipatala za m'maboma, komanso aphungu. Sukulu ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa magulu atatu omalizawa. Ngati kwanu akudikira kuti muyambe msanga kulandira malipiro, njira imeneyi ndi yachidule, ndipo si yonyozeka ayi.

Mukasankha njira yaitali, limbikirani Chingerezi ndi masamu pa MSCE. Ambiri amathawira ku saikoloji poganiza kuti asiyana nawo manambala, koma amakakumana nawo atawadikirira pakhomo. Ku University of Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya saikoloji, ndipo kumeneko, monga kwina kulikonse, phunziro la kafukufuku ndi la statistics sazembeka. Musawaone ngati chilango. Osankha anthu a masitazi amayang'ana kwambiri magiredi a maphunziro amenewa ndi kafukufuku wanu wa chaka chomaliza.

Chachiwiri, phunzirani njira zothandizira odwala, ndipo imodzi muidziwe mpaka pansi. Mudzamva za Sigmund Freud wa ku Vienna ndi zimene ankanena za maloto ndi ubwana. Muwerengeni kuti mudziwe kumene nkhaniyi idachokera, koma musakhalitse pamenepo. Carl Rogers ngofunika kwambiri pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Iye ankaphunzitsa kumvetsera munthu popanda kumuweruza ndi popanda kuthamangira kumulangiza. Kwa ife amene tidakula tikumva kuti wamkulu akalankhula mwana amangoti "inde", limeneli ndi phunziro lovuta kuposa mmene limamvekera. Wodwala sabwera kudzadzudzulidwa ngati wapita kwa ankhoswe.

Njira imene ndingakulimbikitseni kuigwiritsitsa ndi CBT, imene Aaron Beck adaikonza ku University of Pennsylvania m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yoti zimene munthu amadziuza mumtima, mmene akumvera ndi zimene akuchita zimakokana. Tiyerekeze mnyamata amene walephera mayeso. Akudziuza kuti ndi chitsiru ndipo wachititsa manyazi makolo ake. Chifukwa cha ganizo limeneli wasiya kutuluka m'nyumba, sakupitanso kumpira, ndipo pokhala yekhayekha ganizo lija likungokulirakulira. Katswiri samuuza kuti "limba mtima". Amakhala naye pansi n'kufufuza limodzi: umboni woti ndi chitsiru uli pati, nanga maphunziro amene adakhoza aja akutanthauza chiyani? Kenako amagwirizana kanthu kakang'ono koti akachite asanakumanenso, monga kupita kukaonera mpira Loweruka, n'kudzafotokoza mmene zidayendera. Zikuoneka zophweka papepala. Kuzichita bwino ndi munthu amene akulira patsogolo panu kumafuna kuyeserera kwa miyezi.

Musaiwale njira zimene zayesedwa pafupi ndi kwathu kuno. Ku Harare, Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kuthandiza anthu oganiza kwambiri kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Zotsatira za kafukufuku wake zidatuluka mu JAMA mu 2016. Bungwe la WHO nalo lili ndi mhGAP, imene idayamba mu 2008, yophunzitsa ogwira ntchito zachipatala wamba kuzindikira ndi kuthandiza matenda a maganizo. Kumene akatswiri ali ochepa, nthawi yambiri ya clinical psychologist imathera pophunzitsa ndi kuyang'anira anthu ngati amenewa. Amene akulota za kachipinda kabata koonera munthu mmodzimmodzi tsiku lonse aganizenso.

Chachitatu, fufuzani poonera ntchito maphunziro asanathe. Pa holide lembani kalata yopempha kukathandiza ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ngakhale ku mabungwe ngati YONECO amene amalandira mafoni a ana ndi achinyamata ovutika. Mwina mudzangopatsidwa mafayilo kapena mpando wa kukona kuti muzionerera. Landirani. Kumeneko n'kumene mudzamve mmene anthu amafotokozera vuto lawo: wina adzati mtima ukuthamanga, wina mutu ukutentha, wina adzafika atazungulira kale kwa asing'anga ndi kumapemphero. Yeseraninso kufunsa mafunso a PHQ-9, oyezera matenda a kukhumudwa, m'Chichewa mpaka azituluka ngati kucheza. Ndipo zimene mwamva m'chipindamo zithere momwemo. Nkhani ya wodwala siyofotokozera anzanu ku hositelo, ngakhale mutabisa dzina.

Chachinayi ndi masitazi, ndipo apa m'pamene ambiri amatsakamira. Ku South Africa munthu amafunika digiri ya honours, kenako apikisane pa malo ochepa a masitazi, achite chaka cha internship ndi chaka china chotumikira m'zipatala za boma, alembe mayeso a bodi, ndipo amalembetsedwa ku bungwe la HPCSA. Ku Britain njira yake ndi digiri ya udokotala wa clinical psychology ya zaka 3, ndipo wolembetsa ndi HCPC. Konseku kukanidwa ulendo woyamba si chachilendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gwiritsani ntchito nthawi yodikirayo kukhala wothandizira pa kafukufuku, chifukwa kalata ya umboni yochokera kwa katswiri amene adakuonani mukugwira ntchito imalemera kuposa satifiketi zisanu za pa intaneti. Musanalipire fizi kulikonse, funsani zinthu ziwiri: kodi maphunzirowo ali ndi maola oonana ndi odwala enieni moyang'aniridwa, ndipo kodi a Medical Council of Malawi adzakulembetsani nawo? Masitazi a saikoloji ongowerenga mabuku alipo ambiri, ndipo sakupatsani chilolezo choona odwala.

Ntchito ikapezeka, imapezeka m'malo osiyanasiyana. Zipatala zilipo, ngakhale malo a m'boma ndi ochepa. Mabungwe amafuna anthu othandiza opulumuka ngozi, monga zidaonekera namondwe Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, komanso othawa kwawo amene ali ku Dzaleka ku Dowa. Kuli ntchito m'ndende, m'makhoti pomwe pamafunika lipoti la mmene mutu wa munthu ukuyendera, m'masukulu, ndi pothandiza ofuna kusiya chamba ndi mowa. Ena amaphunzitsa ndi kuchita kafukufuku ku yunivesite.

Kulikonse kumene mungalowe, khalani ndi katswiri amene muzikambirana naye za odwala anu, ngakhale mutakhala ndi mapepala onse. Kumva nkhani za kugwiriridwa, za maliro ndi za ofuna kudzipha tsiku ndi tsiku kumadya munthu. Ngati muli ku yunivesite panopa, pitani kwa mphunzitsi wanu wa saikoloji temu ino isanathe, mumuuze kuti mukufuna njira ya clinical, ndipo mumufunse kumene mungakathandize pa holide ikubwerayi.