Bandulo ikamatha usiku muli m'tulo

Mwagula bandulo madzulo pa Chitakale, m'mawa mwapeza yatha, chonsecho simunaonere ngakhale kanema mmodzi. Musanayambe kunyoza kampani ya foni, yang'anani kaye ngati wakubayo sakugona m'foni momwemo.

Akubawa alipo amitundumitundu. Adware ndi waphokoso: amangotulutsa zotsatsa malonda, foni n'kumatentha, batire n'kumatha masana asanakwane. Amene ndimamuopa ine ndi spyware, kazitape weniweni. Iyeyu amakhala duu, kwinaku akuwerenga mauthenga anu ndi kusuzumira manambala amene mukulemba, ngakhale PIN ya Airtel Money kapena Mpamba.

Kwathu kuno amalowera pa kupatsana. Mnzanu wakutumizirani GB WhatsApp pa Xender, mwana watenga fulashi kukabanitsa nyimbo pa Limbuli tsiku la msika, fulashi yomweyo yalowa mu laputopu ya kunyumba. Kompyuta ya obana nyimbo imalandira mafulashi ambirimbiri pa tsiku, ndiye ili ngati chidebe cha pamjigo chomwe aliyense amapisamo dzanja.

Fulashi ikabwerako, musathamangire kuitsegula. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi mlonda waulere, Microsoft Defender. Iunikeni naye poyamba, ndipo muzimulola kutenga ma update, apo ayi sazindikira mavairasi atsopano. Mukaona mafoda asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, musadinepo. Kawirikawiri mafayilo anu amakhala alimo, angobisidwa, ndipo kudinako n'kumene kumadzutsa vairasi.

Pa foni, lowani mu Settings, pa Apps, muwerenge mapulogalamu onse mmodzimmodzi. Amene simukumudziwa, kapena wopanda dzina, mchotseni. Akakana kuchoka, kamulandeni kaye mphamvu pa Device admin. Onaninso zilolezo: tochi ikufuniranji kuwerenga ma SMS anu? Kenako tsegulani Play Store muunike foni ndi Play Protect, ndipo kuyambira lero mapulogalamu muziwatenga kumeneko basi. Zikakanika, sungani zithunzi ndi manambala pena, muchite factory reset. PIN isintheni foni itayera kale, chifukwa mukasintha kazitape alimo, aionanso yatsopanoyo.

Inu amene mumaika kapulogalamu mwamseri m'foni ya akazi anu kapena amuna anu kuti muziwerenga mauthenga awo, dziwani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo.

Palinso ransomware, yemwe amatsekera mafayilo n'kulamula dipo. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalanda makina opangira mapasipoti n'kumafuna ndalama, ndipo anthu adadikira mapasipoti kwa masabata. Choncho zithunzi za masatifiketi, mapepala a malo ndi kaundula wa banki m'khonde zikopereni pa fulashi ina yosapita kumsika, muiike m'sutukesi limodzi ndi mapepala enieniwo.