Diresi loyera latuluka lachikasu

Kalata yanu tailandira, achimwene athu a ku Mandimba. Mwati munakajambula ukwati ku Cuamba, koma diresi loyera la mkwatibwi linatuluka lachikasu m'tchalitchi, pamene pansi pa mtengo wa mango linaoneka labuluu. Musataye mtima, kamera yanu ili bwinobwino.

Nkhani yagona pa kuwala. Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, ndipo muyeso wake ndi Kelvin. Babu lakale lofiirira lija limakhala pakati pa 2,700 ndi 3,200, dzuwa lamasana pafupifupi 5,500, pamthunzi 7,000 kapena kupitirira. Maso athu amazolowera okha, koma kamera imafuna kuuzidwa kuti choyera ndi chiti. Imeneyo ndiye white balance.

Ndiye musanayambe, ikani pepala loyera pamene adzaime mkwatibwi, mulijambule, ndipo muitchere kamera kuti choyera ndi chimenecho. Mukatuluka panja, bwerezaninso. Pojambula vidiyo musaisiye pa Auto, chifukwa mitundu imasinthasintha muli mkati mojambula. Kuwala kwa mababu kukasakanikirana ndi kwa pawindo, pemphani kuti azimitse mababuwo.

Anzathu ojambula a ku Ngauma, nanunso yesani, ndipo mutilembere mmene zayendera.