Satifiketi ya ntchito zamanja ikufikitsani pati?

Anyamata ndi atsikana a Fomu 4, tsekani makope a masamuwo, lero tikambe za chaka chamawa. Zotsatira za MANEB zikatuluka, ochepa chabe mwa inu adzamva maina awo pa mndandanda wa NCHE, bungwe lija losankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambirimbiri. Otsalanu mudzayamba kufunsa za sukulu za ntchito zamanja, ndipo ndikufuna mukafunse mukudziwa chofunsa.

Sukuluzi zilipo za mitundu ingapo. Pali zazikulu za boma zisanu ndi ziwiri: Soche ku Blantyre konkuno, Nasawa ku Zomba, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Mu 2015 pulezidenti Peter Mutharika anatsegula ku Ngara, m'boma la Karonga, ndondomeko ya makoleji a m'madera, cholinga chake boma lililonse likhale ndi yake. Aida Chilembwe ku Chiradzulu, Milonga ku Thyolo ndi Naminjiwa ku Phalombe ndi ena mwa makoleji amenewa. Palinso za mabungwe, monga ya DAPP ku Mikolongwe. Maphunziro onsewa amayang'aniridwa ndi TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo mbali ya ndalama zake imachokera kwa olemba anthu ntchito: pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo amapereka K1.

Tsono mvetsani apa, pakuti mpamene ambiri amaphonya. Maphunziro a TEVETA ali ngati makwerero a masitepe anayi. Level 1 ndi maziko, munthu amagwira ntchito pansi pa mmisiri. Level 2 wayamba kudziimira. Level 3 ndi mmisiri wokhwima amene angatsogolere anzake. Level 4 ndi dipuloma. Makoleji a m'madera kawirikawiri amaphunzitsa magawo oyambirira, ndipo wofuna kupitirira amasamukira ku koleji yaikulu ngati Soche kapena Nasawa. Kusamukako sikuchitika kokha. Palibe amene adzabwere kwanu ku Lirangwe kudzakuitanani. Mudzayenera kuona chidziwitso m'nyuzipepala kapena kukafunsa ku ofesi ya zantchito, kulemba kalata nthawi isanathe, ndi kukhala ndi mapepala onse m'manja.

Choncho musanalipire ndi tambala yomwe, mukafunse mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mukufuna kulowayo kuti, kodi sukulu ino inalembetsedwa ku TEVETA? Mayeso amalembetsa ndani, ndipo pa satifiketi padzakhala chidindo cha yani? Ndikamaliza pano, ndi koleji iti imene idzandilandire pa gawo lotsatira? Funso lachitatuli musalisiye. Ngati akuyankhani mozungulira, tsanzikani mwaulemu.

Ndikunena izi mtima ukundiwawa. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, wanzeru ndithu, anakalowa kakoleji kena m'tauni, ka zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo. Mayi ake anagulitsa mbuzi ndi nandolo kuti fizi ikwane. Anamaliza, anavala gauni, zithunzi anajambulitsa. Atapita nalo pepalalo kukafuna malo opitiriza maphunziro, anamuuza kuti sakulidziwa, ayambirenso pachiyambi. Kusoka ankadziwa, koma pepala lake linalibe kolowera.

Wina kumbuyoko akuti, "Aphunzitsi, nanga ku yunivesite n'kotheka?" N'kotheka. Polytechnic ija ya ku Chichiri, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, imaphunzitsa zauinjiniya, zomangamanga, komanso digiri ya uphunzitsi wa ntchito zaluso. Mayunivesite a boma ali ndi khomo lina la anthu amene ali kale ndi dipuloma ndipo agwirako ntchito, limene amati mature entry. Olowera khomo limeneli nthawi zina sayambira chaka choyamba, koma zimenezo amagamula ndi eni sukulu ataona zimene munaphunzira. Dipuloma iyenera kukhala yochokera ku sukulu yovomerezeka, yogwirizana ndi digiri imene mukufuna. Wa dipuloma ya zamagetsi asayembekeze kuti amuchotsera zaka pa digiri ya zowerengera ndalama.

Ndipo satifiketi ya MSCE adzaifunsabe. Apa mpamene phunziro la lero likukhudza makope mwatsekawo. Polowa ku yunivesite kuchokera ku Fomu 4 pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Kirediti ndi giredi 6 kapena yabwino kuposa imeneyo; 7 ndi 8 mwangokhoza, 9 mwalephera. Mnyamata amene lero akuti masamu alibe nawo ntchito chifukwa akukakhala wowotcherera, pakapita zaka zisanu adzapeza kuti 8 wa masamu uja wamutsekera njira. Inde angathe kulembanso mayeso ngati wapadera, ambiri atero ndipo zawayendera, koma kuwerenga usiku utatopa ndi ntchito, ana akulira, fizi ya mayeso ukulipira wekha, si zofanana ndi kukhala pa desiki pano.

Masamuwo ali mu ntchito mwenimwenimo. Mawa podutsa pamsika wa Lirangwe muime pa shedi ya owotcherera. Muone mmisiri akupanga felemu la chitseko. Akagwiriziza ngodya zinayi sathamangira kuwotcherera zonse. Amatenga tepi n'kuyeza kuchokera ngodya ya kumwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, ngakhale ndi theka la sentimita, felemu lapendama, chitseko chidzakhula pansi. Amaligogoda ndi hamala mpaka ifanane. Womanga nyumba poyala maziko amayeza 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, pakati papezeke 5. Ndi Pythagoras yemwe uja munkadandaula naye mu Fomu 2.

Posankha ntchito yoti muphunzire, musatsate mnzanu. Yang'anani dera lathu. Tili pa msewu wa M1, magalimoto opita ku Zalewa, Mwanza ndi Lilongwe amadutsa pakhomo pathu usana ndi usiku. Ku Nkula ndi ku Tedzani pa Shire amapanga magetsi, ku Walker's Ferry amapopa madzi a mzinda wa Blantyre, ku Chileka kuli bwalo la ndege, ndipo kuyambira pa Lunzu kulowa m'tauni nyumba zikungomangidwa. Zonsezi zimafuna amakaniko, a zamagetsi, a mapaipi, omanga. Atsikana, ntchito zimenezi si za amuna okha, ndipo sindikufuna kumva kuti nonse mwalembera zosoka chifukwa wina kunyumba anati waya wamagetsi ngwa anyamata.

Mukalowa, sungani chilichonse. Zotsatira za gawo lililonse, kalata ya kumene munachita atachimenti yosainidwa ndi kudindidwa, malisiti a fizi, zonse mu envulopu ya pulasitiki kuopa chiswe ndi mvula. Dzina lilembedwe chimodzimodzi pa MSCE, pa chiphaso cha unzika ndi pa mapepala a ku koleji. Chilembo chimodzi chikasiyana mudzayenda maulendo ambiri kukakonzetsa. Amene muli ndi achimwene kapena amalume odziwa kale ntchito koma opanda pepala, kawauzeni kuti TEVETA ili ndi njira yoyesa luso limene munthu anaphunzira pogwira ntchito, n'kumupatsa satifiketi.

Lachisanu aliyense abwere ndi tsamba limodzi. Mulembepo ntchito imene mukufuna, sukulu imene mungayambire, kumene mungapite mukamaliza pamenepo, ndi maphunziro a MSCE amene njira imeneyo ikufuna. Makolo asaine pansi. Tidzakhala pansi mmodzimmodzi, kuyambira mzere wa kuzenera.