Kuthandiza Wantchito Amene Wadwala Maganizo

Mau Oyamba

Tiyerekeze za mlonda amene wagwira ntchito zaka zisanu popanda cholakwa. Mwadzidzidzi wayamba kuchedwa, sacheza ndi anzake, ndipo fungo la mowa silimchoka. Abwana akuti, "Ameneyu watopa nayo ntchito." Anzake akuti, "Amlodza." Palibe amene wamufunsa chimene chamusautsa. M'phunziro lino tiona kuti munthu wotere mwina akudwala, ndi kuti tingamuthandize zinthu zisanafike poipa.

Kukula kwa Vutoli

Matenda a maganizo si misala yokha ai. Kukhumudwa kosatha ndi nkhawa yopitirira muyeso ndi matendanso, ndipo amachizika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu 15 mwa 100 alionse a msinkhu wogwira ntchito anali ndi matenda otere. M'chaka cha 2022 lidanenanso kuti masiku a ntchito okwana mabiliyoni 12 amatayika chaka chilichonse kaamba ka kukhumudwa ndi nkhawa.

Zina zimachokera kunyumba monga maliro, ngongole ya katapila ndi mikangano ya m'banja. Zina zimachokera pa ntchito pomwepo: malipiro ochedwa, kugwira usana ndi usiku osapuma, kutukwanidwa, ndi kuopsezedwa kuti uchotsedwa.

Zizindikiro Zoyamba

Chofunika kuona ndi kusintha kwa munthu amene timamudziwa:

(a) Wayamba kujomba kapena kuchedwa kawirikawiri.
(b) Akuiwala ndi kulakwitsa ntchito imene adaizolowera.
(c) Akudzipatula, akukwiya msanga, kapena akulira popanda chifukwa chooneka.
(d) Akudandaula za kusowa tulo, mutu, ndi kusafuna kudya.
(e) Akumwa mowa kuposa kale.

Ngati izi zapitirira milungu iwiri, tisadikire. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Tichite Chiyani?

Choyamba, timuitane pambali, osati pamaso pa anzake. Tinene zimene taona, osamuweruza: "Achimwene, masiku ano simukuoneka bwino. Kodi kwagwanji?" Kenaka timvetsere.

Chachiwiri, tisunge chinsinsi. Ambiri amabisa matenda awo poopa kusekedwa ndi kuchotsedwa ntchito.

Chachitatu, timulimbikitse kupita kuchipatala, ndipo ngati nkotheka timuperekeze. Tiyambire ku chipatala chaching'ono kapena cha boma lathu. Thandizo lapadera limapezeka ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ife si madokotala, choncho tisatchule dzina la matenda kapena kumupatsa mankhwala.

Chachinayi, ngati wanena zofuna kudzipha, tisaziyese nthabwala. Tisamusiye yekha, tichotse zingwe ndi mankhwala oopsa, tidziwitse m'bale wake, ndipo tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachisanu, akabwerera ku ntchito, abwana amupeputsire ntchito kwa kanthawi ndi kumulola kukaonana ndi dokotala pa masiku ake.

Lamulo Likuti Chiyani?

Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 likuti wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda chaka chilichonse: milungu inayi ya malipiro onse ndi milungu isanu ndi itatu ya theka la malipiro, akaonetsa kalata ya kuchipatala. Kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chokwanira chochotsera munthu ntchito. Amene walakwiridwa akadandaule ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake.

Tisaganize kuti izi zikukhudza makampani okha. Ambiri a ife tili ndi mlonda, wolera ana kapena wa kudimba. Iwonso ndi antchito, ndipo ife ndife mabwana awo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso Okambirana m'Mphakati

1. Kodi kwathu kuno timamutcha maina otani munthu wodwala maganizo? Maina amenewa amamuthandiza kapena amamubisitsa matenda?
2. Kodi wantchito wanga atadwala chotere, angalimbe mtima kundiuza? Chifukwa chiyani?
3. Chipatala chapafupi chimene tingapite naye ndi chiti, ndipo angamuperekeze ndani?