Madzi a m'ndowa yokolopera amathera kuti?

Pa phunziro la twahara tidaona kuti madzi timawazindikira ndi zinthu zitatu: mtundu, fungo ndi kakomedwe. Pa nkhani ya wudhu zimenezi n'zokwanira. Koma alipo mankhwala amene diso, mphuno ngakhale lilime sizingawatulukire, ndipo ena timawataya ndife tomwe.

Chifikireni Covid-19 m'Malawi mu April 2020, kenako kolera wa 2022 ndi 2023 amene adapha anthu oposa 1,700, tidazolowera kukolopa ndi kutsuka zimbudzi ndi mankhwala opha tizilombo. Tidachita bwino. Ena mwa mankhwalawa, makamaka ochita thovu, amakhala ndi benzalkonium chloride. Ameneyu si klorini ayi. Klorini amatha mphamvu msanga, pomwe uyu amakhalitsa.

Ophunzira a Chemistry, tcherani khutu apa. Tizidutswa ta mankhwalawa tili ndi mphamvu ya positive, dongo lili ndi ya negative, choncho zimakokana ngati maginito. Madzi a m'ndowa akatsata ngalande mpaka kudambo, kapena mvula ikawakokolera ku Kasangadzi, mankhwala amamatirira ku matope. Pansi pa matope mpweya ndi wochepa, ndiye sawonongeka msanga.

N'chifukwa chake woyeza wodziwa ntchito satunga madzi okha. Amatenga botolo la madzi ndi matope a pamalo omwewo. Madziwo amawadutsitsa pa kasefa kogwira mankhwala. Matope amawaumitsa, kuwasefa, n'kuwakhutchumula mu methanol kuti mankhwala amasuke, kenako makina a LC-MS amawerenga kuchuluka kwake. Kawirikawiri zotsatira za madzi zimatuluka zochepa, za matope n'kukhala zokwera kwambiri. Amene wayeza madzi okha akhoza kulengeza kuti mtsinje uli bwino, chonsecho nsomba ndi tizamoyo tam'matope tikuvutika. Akatswiri akudandaulanso kuti mabakiteriya okhala m'mankhwala osukuluka otere amayamba kupirira.

Makina amenewo kusukulu kuno tilibe, koma pali zimene tingathe. Makolo, poyeza mankhwala tsatirani mlingo wolembedwa pabotolo. Kuthira kawiri sikuyeretsa kawiri, kumangotha ndalama. A komiti ya mzikiti, tikupempha kuti madzi okolopera azithiridwa m'dzenje lothira miyala, lotalikira mamita 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, asamalowe mu ngalande yopita kudimba.