Kuveka msilikali wa Keyala pa sewero: zoyenera ndi zosayenera

Novembala akamafika, magulu a zisudzo ndi ojambula makanema amakumbukira agogo athu amene analowa Keyala, gulu la King's African Rifles lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Ntchito imeneyi ndimaikonda. Chimene chimandiwawa ndi kuona mnyamata atavala yunifolomu yamawangamawanga ya masiku ano, chikwama cha sukulu chikulendewera kumbuyo, n'kumati ameneyu ndi msilikali wa ku Karonga mu 1914. Agogowo chilichonse chimene ankanyamula chinali ndi malo ake pathupi, ndipo malowo anali ndi chifukwa.

Zoyenera: Yambani mwadziwa chaka ndi malo a nkhani yanu. Nkhondo ya Chiwaya (nkhondo yoyamba ya dziko lonse) isanayambe, msilikali wa Keyala akamapita kutchire ankavala juzi yabuluu woderako, kabudula wa kaki ndi kofia wokutidwa ndi nsalu ya kaki yotsikira kuseri kwa khosi. Nkhondoyo ili mkati, zabuluuzo zinalowedwa m'malo ndi za kaki. Pofika 1944, ku Burma, anali atavala zobiriwira ndi chipewa chachikulu cham'mbali.

Zosayenera: Musaphatikize nkhondo ziwirizi pathupi la munthu mmodzi. Pakati pa Karonga ndi chigwa cha Kabaw ku Burma pali zaka 30.

Zoyenera: Kofia wamtali muvalitseni pa perete. Ndipo ngati msilikali wanu ndi wa mabataliyoni a ku Nyasaland, kofiayo akhale wakuda.

Zosayenera: Musamupatse wofiira chifukwa choti ndi amene mwamuona pa zithunzi zambiri. Wofiira anali wa mabataliyoni ena.

Zoyenera: Kulungani miyendo bwino. Nsalu zazitali zokulunga miyendo zinkayambira mu akakolo n'kumakwera, mzere uliwonse kuphimbako unzake, mpaka kumangidwa m'munsi mwa bondo. Umu ndi mmene oyenda pansi ankakulungira. Okwera akavalo ndiwo ankayambira m'mwamba. Phunzitsani wosewera wanu kudzikulunga yekha, mwina mpaka oonera amuone akuchita zimenezo m'mamawa. Akamanga kwambiri, mwendo umachita dzanzi. Akalekerera, nsalu imamasuka ali pa ulendo, minga ndi tsekera n'kumadya msongolo.

Zosayenera: Musafulumire kumuveka jombo msilikali wa 1914. Ambiri ankayenda chapansi kapena ndi nkhwayira, chifukwa akuluakulu achizungu ankati jombo si za mapazi a munthu wakuda. Ndikudziwa kuti wosewera aliyense amafuna jombo kuti aoneke waulemu. Koma mukamuveka, mwafafaniza matekenya, ming'alu ndi zilonda za anthu amene anathamangitsa mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, zaka zinayi, kudutsa German East Africa ndi Mozambique, mpaka anagonja ku Abercorn, yomwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Jombo zisungireni msilikali wa nkhondo yachiwiri.

Zoyenera: Ikani chilichonse pamalo pake. Pa malamba ansalu a asilikali a Britain a mtundu wa 1908, timatumba ta zipolopolo tinali khumi, tisanu mbali ino tisanu mbali inayo, ndipo tonse pamodzi tinkalowa zipolopolo 150. Botolo la madzi linkakhala m'chiuno kumanja. Mpeni wosomeka kumfuti unkakhala kumanzere, kuti dzanja liupeze osayang'ana, ndipo kachikwama ka chakudya kankakhala mbali yomweyo. Malamba a mtundu wa 1937, omwe ndi oyenera msilikali wa ku Burma, anali ndi matumba awiri akuluakulu pachifuwa, oti mulowe ngakhale magazini a mfuti ya Bren.

Zosayenera: Musasiye matumbawo opanda kanthu. Thumba lopanda kanthu limafwafwala ndipo oonera amaona. Ikanimo timatabwa ndi mchenga pang'ono, botolo mudzaze madzi. Munthu wosenza amayenda mosiyana ndi munthu wongovala: amawerama pang'ono, amakweza phewa kuti lamba asunthe pamene wamupweteka, ndipo akapeza mthunzi amayamba wamasula lamba asanakhale pansi. Zimenezi wosewera simungamuuze ndi pakamwa. Katunduyo ndiye amamuphunzitsa.

Zoyenera: Chikwama chakumsana chimangidwe m'mwamba, chogundana ndi mapewa. Jasi ankalipinda n'kulilonga m'chikwama chachikulu, ndipo pokalowa m'nkhondo chikwama chimenecho chinkatsala kumbuyo, kachikwama kakang'ono n'kusamukira kumsana.

Zosayenera: Musamuthamangitse msilikali kukakumana ndi adani atasenza katundu wake yense, kapena atavala jasi dzuwa la ku Karonga lili pamutu.

Zoyenera: Zovala za kutchire zioneke kuti zagona kutchire. Gulu la 11th East African Division linatsika chigwa cha Kabaw kulunjika ku mtsinje wa Chindwin mvula ya monsoon ili pachimake, m'matope, misundu ndi malungo. Malaya amenewo sankauma. Aviikeni, apakeni dothi, muwasoke zigamba.

Zosayenera: Musawadutsitse simbi. Kusita ndi kwa perete ku Zomba.

Zoyenera: Kumbuyo kwa msilikali ikaniko mtengatenga. Asilikali ochokera ku Nyasaland pa nkhondo yoyamba anali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Ufa, mabokosi a zipolopolo, matenti a azungu ndi zidutswa za chiwaya chenichenicho zinkayenda pamitu pawo, mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25 pa nkhata, tsiku ndi tsiku. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine cha 1918.

Zosayenera: Musamuveke yunifolomu yonse ngati msilikali pofuna kumulemekeza, ndipo musamuchotse chifukwa pabwalo pachepa. Ngati osewera muli asanu okha, mmodzi avale kaki, anayiwo asenze.