Za Mapiritsi Otsala m'Chikwama

Adokotala,

Ndine bambo wa zaka 46, mlimi wa mpunga kuno ku Nkhotakota, ndipo ndalemba kalata iyi nditasowa mtengo wogwira. Mwezi watha, mvula ili pakati, ndinagwidwa ndi malungo, ndipo kuchipatala atandibaya chala ndi kuona mizere iwiri pa kachipangizo koyezera malungo, anandipatsa LA woti ndimwe masiku atatu. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri thupi linali litazizira, koma ndinali ndi chizungulire, nsima osailakalaka, miyendo ili lobodo ngati ya nkhalamba; ndipo mnzanga wa kudimba atandiuza kuti mankhwalawa ndiwo amamwa magazi a munthu, ndinawaleka, mapiritsi 8 otsalawo n'kuwasungira mwana wanga wa zaka 6, kuti akadzatentha thupi usiku tisadzasowe pogwira. Lero papita masabata awiri ndi theka, kunjenjemera kwayambiranso, ndipo khasu likundilemera. Kodi ndi mankhwala aja andifoola chotere? Nanga otsalawo ndimwe, kapena ndimsungirebe mwanayo?

Ine wanu wosautsidwa,
Mlimi wa ku Nkhotakota

Bambo,

Mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo ndisanalongosole china chilichonse, ndikupemphani kuti mukawerenga mawu awa musadikire kuti mpunga upaliridwe kaye, koma mawa lomwe m'mamawa mupite kuchipatala, mapiritsi otsalawo ali m'manja, mukauze wokupimaniyo mosabisa kuti munalekera panjira, ndi tsiku limene munalekera. Musachite manyazi. Ife a ntchito iyi nkhani yotere timaimva kawirikawiri, ndipo chimene chimatisautsa si wodwala amene walakwitsa, koma amene wabisa kulakwitsako, natisiya tikufunafuna mumdima.

Tsono za mnzanu wa kudimba uja. Iye anaona zoona, koma mlandu anaupereka kwa wosalakwa. Tizilombo ta malungo, udzudzu ukatilavulira m'thupi, timayamba takhala m'chiwindi, kenaka timalowa m'maselo ofiira a magazi, mmene timadya ndi kuswana kufikira selolo litaphulika, ndipo ana ake amabalalika kukalowa m'maselo ena, ntchito imene imabwerezedwa pafupifupi masiku awiri alionse; pamwamba pa izo kapamba nayenso, pofuna kuyeretsa magazi, amachotsa maselo odwala pamodzi ndi ena ambiri abwinobwino, kotero kuti munthu amene wadwala malungo sabata imodzi amatsala ndi magazi ochepa ngakhale sanatemedwe paliponse. Amene anamwa magazi anu ndi malungo. Mankhwala anangofika pamene mbala inali itaboola kale nkhokwe, ndipo popeza ndiwo munawaona ndi maso, ndiwo munawaloza chala.

Sindikukana kuti LA ali ndi zowawa zake, pakuti walira mvula walira matope. Ena amamva chizungulire, mutu, nseru, kusafuna chakudya kapena kusowa tulo, ndipo zimenezi, zimene n'zovuta kuzilekanitsa ndi zizindikiro za malungo enieniwo, zimatha zokha masiku ochepa. Izi n'zopirira. Zosapirira ndi zina: munthu akamwa mankhwala alionse, kaya LA, kaya Bactrim amene ambiri amagula mwachisawawa, natuluka zidzolo thupi lonse, natupa milomo kapena nkhope, zilonda zikabuka m'kamwa ndi m'maso, kapena mpweya ukayamba kumuthera, ameneyo aleke pomwepo ndi kuthamangira kuchipatala, ndipo dzina la mankhwalawo alisunge pamtima moyo wake wonse.

Chifukwa chimene masiku atatu ayenera kukwana chili m'dzina lomwelo la LA, pakuti m'piritsi limodzi muli antchito awiri. Woyamba, artemether, wochokera ku chitsamba cha mtundu wa chowawa chimene mayi wa ku China, Tu Youyou, anachifufuza mpaka kulandira nacho mphotho ya Nobel mu 2015, ndi wokolola waliwiro, amene amagwetsa tizilombo tochuluka m'maola ochepa, koma sakhalitsa m'magazi. Wachiwiri, lumefantrine, ndi wokunkha, wobwera pambuyo pang'onopang'ono kutola totsala, ndipo iyeyu amafunika aunjikane m'thupi ndi kumwa konse kasanu ndi kamodzi kuti ntchito yake itheke. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 nthawi imodzi, ena 4 pakapita maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira, onse pamodzi 24. Inu munamwa 16. Kuzizira kwa thupi kumene munakuyesa kuchira kunali ntchito ya wokolola uja. Wokunkha munamubweza asanafike kumapeto kwa munda, ndipo totsalato, tikuoneka kuti taswananso. Dziwaninso kuti lumefantrine salowa bwino m'magazi popanda mafuta, n'chifukwa chake timati mumwere mkaka, kapena mudyeko phala kapena ndiwo zotendera. Ndipo mukasanza lisanathe theka la ola, mumwenso, n'kukatenga ena olowa m'malo mwake.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa china, chimene anthu a msinkhu wathu tikuchikumbukira. Tinali ndi chloroquine, wotsika mtengo ndi wamphamvu, mpaka tizilombo tinamuzolowera, ndipo mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kumusiya ndi kutenga SP, amene ambiri ankamudziwa kuti Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinalandira LA. Tizilombo timene talawa mankhwala osafa nawo ndito timaphunzira kuwapirira, ndipo udzudzu umatinyamula kupita nato kwa mnansi.

Otsalawo musamwe, pakuti mapiritsi 8 sangathe ntchito ya 24, ndiponso sitinadziwe ngati chakugwiraninso ndi malungo okha. Kachipangizo kobaya chala kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira, choncho kumene kuli makina oonera tizilombo m'magazi n'kwabwino kupimidwa nawo, ndipo mupemphe akuyezeninso kuchuluka kwa magazi. Wokupimaniyo ndiye adzagamula mankhwala oti muyambe. Koma ngati usiku uno mutayamba kusanza chilichonse, kusokonezeka mutu, kukomoka, kupuma movutika, maso kuchita chikasu kapena mkodzo kuda ngati tiyi wopanda mkaka, a pabanja panu asadikire kucha, pakuti amenewo ndi malungo ofuna jekeseni.

Za mwanayo ndinene mofatsa, chifukwa ndaona kuti munasunga mapiritsiwo mwa chikondi cha kholo limene likudziwa kutalika kwa njira ya kuchipatala pakati pa usiku. Komabe mlingo wa mwana umayesedwa pa sikelo, kuyambira piritsi limodzi kwa wakhanda mpaka atatu kwa wokulirapo, ndipo si kutentha thupi konse kumene kuli malungo: chibayo, zilonda za kukhosi ndi matenda oumitsa khosi nazonso zimayamba chimodzimodzi, ndipo mwana wopatsidwa LA pa matenda amenewa amataya masiku amene akanamupulumutsa. Akatentha usiku, mupatseni Panado wa mlingo wa ana, mumwetseni madzi, mupukuteni ndi kansalu konyowa, kukacha apite akabayidwe chala.

Mphamvu zanu zidzabwerera, koma kuona maso a nkhono n'kudekha: magazi otayika amatenga masabata angapo kuti abwerere m'malo. Muli m'mbali mwa nyanja, idyani usipa ndi mitu yomwe, nyemba, mazira, chiwindi chikapezeka, bonongwe ndi chisoso, ndipo mukapatsidwa mapiritsi oonjezera magazi musadabwe chimbudzi chikada. Kumunda muyambe ndi ndime yaing'ono m'mamawa dzuwa lisanakwere, yotsalayo mupemphe abale akugwirireni mwezi uno; ndipo nonse awiri ndi mwanayo muzigona m'neti usiku uliwonse, makamaka tsopano pamene madzi ali tayale m'minda ya mpunga.

Dokotala